Matope a Chaka cha Tullio

A Egidio Zampatti, alongo awo a agogo anga aakazi, anamwalira mu Febuluwale chaka chino ali ndi zaka 83. Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi iwo ndiwo ankayang'anira damu la kumtunda kwa mudzi wathu. Pamaliro pawo wansembe ananena kuti anali munthu wokhulupirika pa ntchito, anthu n'kugwedeza mitu movomera, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula dzina la Tullio. Ine ndilitchula. Moyo wa agogowa sungalongosoleke popanda mwana wawoyo, pakuti kuyambira tsiku limene Tullio anamira, funso limene linkawadya linali limodzi lokha: kodi ndi iwo amene anamutumiza ku imfa? Ndiyeneranso kuvomera kuti yankho la funsolo linadzera mwa ine, ndipo silinali limene ndinkafuna kuwapatsa.

Ntchito yawo sinali yapamwamba. Nyanja yathu, imene khoma la damulo limatchinga, imamwa madzi a Vedreta, chimulu chachikulu cha ayezi cha pakati pa nsonga ziwiri za phiri la kumtunda, ndipo madziwo amatsika ali mbuu ngati mkaka chifukwa cha ufa wa miyala imene ayeziyo amapera pansi pake. Paipi yotengera madzi ku makina amagetsi imayambira pansi penipeni pa damu. Madziwo asanafike ku makina amayamba adekha m'thanki lalikulu lasimenti kuti matope atsale, ndipo agogo ndiwo ankalowa m'thankilo ndi fosholo kuchotsa matopewo, kamodzi pa sabata m'nyengo yotentha. Kupatula apo ankathira mafuta m'mageti otsekera madzi ndi kulemba msinkhu wa madzi.

Panali ntchito inanso imene kampani ya magetsi sinawalembere koma mudzi unawapatsa. Kutsidya, kumathiriro kwa mtsinje, kuli mchenga wabwino womangira, ndiponso zikuni zimene madzi amatsitsa. Amuna a m'mudzi ankawoloka ndi bwato kukatapa. Koma asanamasule chingwe ankayamba afika pa damu n'kufunsa kuti, "Nyanja ikuti chiyani lero?" Woyang'anira ankaima pamwamba pa khoma, n'kuyang'ana nkhope ya madzi. Ikakhala yoyera ngati mkaka, mopita kobiriwira, ankati pitani. Ikakhala yofiirira ngati khofi wothira mkaka, ankati dikirani, mtsinje walusa. Lamulo limeneli agogo analilandira kwa amene anawasiyira ntchito, ndipo kwa zaka zambiri silinanamize munthu.

Tullio anali ndi zaka 23. Ukwati wake unali mu Okutobala, ndipo ankawonjezera chipinda ku nyumba ya makolo ake. Mwezi wa Julaye chaka chimenecho kunawomba mphepo yotentha yotsika m'phiri masiku atatu otsatizana, kumwamba kuli mbee. M'mawa wa tsiku lachinayi Tullio anafika pa damu n'kufunsa bambo ake monga mwa mwambo. Iwo anayang'ana, naona nyanja ili phee, yoyera ngati masiku onse. Anati pita. Dzuwa lili pamutu, abusa awiri amene anali pamtunda anaona mulu wonse wa mchenga pamene Tullio anaima ukutsetsereka n'kulowa m'madzi pamodzi ndi bwato, mosachita phokoso lalikulu. Thupi lake analipeza patapita masiku asanu ndi anayi.

Tsiku lotsatira ngoziyo kunagwa chimvula chimene chinakokolola misewu, ndipo nyanja inafiira kwa milungu iwiri. Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera m'mitu ya anthu. Pofika nyengo yotsitsa ng'ombe ku msipu wa m'phiri, ena anali atayamba kunena kuti madzi anali atafiira kale m'mawa umene Tullio ankawoloka. Akazi awo a agogo, a Dorina, sabata imeneyo anali kumsipu kukonza tchizi, ndipo nyanjayo sanaione. Anawafunsa amuna awo kamodzi kokha.

"Egidio, madzi anali otani?"

"Anali oyera, Dorina."

"Chabwino."

Sanafunsenso. Anakhala nawo zaka zina makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, akuwavundulira polenta, nsima ya kwathu kuno, akuwasokera masokosi, koma ku damu sanapondekonso, ndipo chipinda cha Tullio anakana kuti chifoleredwe. Anamwalira osanena ngati anawakhulupirira amuna awo kapena ayi.

Chaka chotsatira imfa ya Tullio ndi pamene agogo anayamba za mabotolo. Ankatenga mabotolo a jamu a pakamwa papakulu, kuwamangirira ku mwala ndi chingwe, n'kuwamiza pamalo atatu m'nyanjamo. Okutobala aliyense, madzi asanaundane ndi kuzizira, ankawavuula, kuikapo ena, ndipo akalewo ankawatsekera n'kulembapo chaka. Ngakhale atapuma pa ntchito sanasiye. M'chipinda chawo chapansi munali mashelefu anayi a matope okhaokha. Anzawo a ubwana, a Bortolo, amene ankakonza tchizi kumsipu, sankawasiya nazo.

"Iwe Egidio, anthu m'chipinda chapansi amasunga vinyo, iwe ukusunga matope. Tsiku lina ndibwera ndi buledi tidzapake."

"Bwera. Matope angawa ndi tchizi chako chija n'chimodzimodzi, kungoti anga sanunkha mapazi."

"Tchizi chonunkhacho ndi chimene chakunenepetsa, nkhalamba iwe. Taona mimbayo, bwato limachita kudandaula."

Ine ndili wamng'ono ndinkaona mabotolowo ngati umboni wakuti agogo anali munthu wa sayansi amene umphawi unamutsekera sukulu. Mabotolowo ndi amene anandichititsa kusankha maphunziro a nthaka ndi madzi, ndipo nditamaliza digiri chaka chatha ndinabwerera kumudzi ndi chilolezo chofufuza matope a pansi pa nyanja yathu. Ndinabweranso ndi chikhulupiriro chimene ndinkachilalikira kwa aliyense wondipatsa khutu, chakuti mavuto ambiri a anthu amachokera ku kusadziwa, ndipo kuti choonadi, chikapimidwa bwino, chimamasula.

Nyanja ngati yathuyi imalemba mbiri yake. M'nyengo yotentha ayezi akamasungunuka, mtsinje umabweretsa matope ambiri, ndipo okhakhala amakhazikika msanga n'kupanga mzere woyererako. M'nyengo yozizira pamwamba pakaundana n'kusanduka ayezi, mphepo imaleka kuvundula madzi, ndipo dongo losalala limene linali kuyandama limatsika pang'onopang'ono n'kupanga mzere wopyapyala wakuda. Woyera ndi wakuda, chaka chimodzi. Chimvula chimasiya mzere wake, wokhala ndi masamba ndi dothi la m'nkhalango. Kugumuka kwa mchenga nakonso kumasiya wake. Ndipo popeza chapansi ndicho chinayamba kugwa, matope sangasokoneze ndondomeko ya zochitika monga imasokonekera m'mitu ya anthu.

Zimenezi ndinawafotokozera agogo Lamlungu lina masana, titakhala pabenchi kunja kwa nyumba yawo, a Bortolo ali pomwepo.

"Agogo, ngati madzi ofiira anabwera mchenga utagumuka kale, matope asonyeza. Mzere wa masamba ukhala pamwamba pa mzere wa mchenga. Pamenepo palibe adzanenenso kuti munaona madzi ofiira."

"Amene ankanena zimenezo ambiri ali kumanda, Nives."

"Koma inu muli moyo."

"Zisiye zigone pansi pomwepo, mwanawe."

"Zigone bwanji pamene inu simugona nazo? Bodza silisanduka choona chifukwa chakuti lakalamba. Mwasunga matope zaka zonsezi, lero mukuwaopa?"

A Bortolo anaseka. "Adokotala a matope alankhula. Egidio, mwana uyu watengera mlongo wako, amakangana ndi chitseko chomwe." Koma ndinaona kuti atatha kuseka anayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali, ndipo anawonjezera motsitsa mawu kuti, "Komatu ukakana, wakana. Palibe angakukakamize."

Agogo anatembenuza chipewa pabondo. Kenako anati, "Kachite ntchito yako. Mabotolo ukawafuna, kiyi ali pamsomali."

Ndinamva ngati ndapambana mtsutso.

Mu Sepitembala ine ndi anzanga awiri a ku yunivesite tinamanga chithandala choyandama n'kukhomera paipi yaitali m'matope pakati pa nyanja, pamalo ozama kwambiri. Anzangawo atabwerera, ndinanyamula paipiyo, imene tinaizula itadzaza matope, kupita nayo kwa agogo, ndipo tinaiika pathebulo lawo lopalira matabwa pabwalo n'kuing'amba pakati m'litali. Matope anaonekera ali mizeremizere, yoyera ndi yakuda, yonyowa, ikununkha ngati chitsime chakale.

Kuwerenga zaka m'matope n'kosavuta kulakwitsa, chifukwa chimvula chimodzi chikhoza kuoneka ngati chaka chathunthu. Apa mabotolo aja ndiwo anandipulumutsa. Agogo ankatulutsa botolo lililonse, a Bortolo n'kuwerenga chaka cholembedwapo, ine n'kuyerekeza kuchindikala ndi mtundu wa matope ake ndi mzere wa m'paipi. Zinkagwirizana mochititsa nthumanzi. Chaka chimene chipale chofewa chinagwa mu Juni, nyengo yotentha itayamba kale, mzere unali wopyapyala. Chaka cha chilala, pamene Vedreta anasungunuka kwambiri, unali wochindikala ngati chala. Zaka zaposachedwazi mizere yakuda ikuzimiririka, chifukwa nyanja siikuundananso nyengo yonse yozizira, ndipo agogo anazizindikira ndisanawauze.

"Apa ndi pamene Dorina anadwala," anatero akuloza ndi chikhadabo. "Apa ndi pamene iwe unabadwa. Sunasiye chizindikiro chilichonse."

"Anali asanayambe kulankhula," anatero a Bortolo.

Botolo lomaliza, lakale kuposa onse, litatha, tinatsika mzere umodzi. Tonse tinauzindikira mzerewo. Chaka cha Tullio chinali chochindikala kuposa chikhatho changa, ndipo chinali ndi magawo atatu ooneka bwino. Pamwamba panali matope ofiirira odzaza ndi tizidutswa ta masamba ndi makungwa. Pakati panali mchenga wokhakhala ndi timiyala, zinthu zimene sizifika pakati pa nyanja pokhapokha mathiriro atagumuka. Pansi pa mchengawo panali matope otuwa a Vedreta, opanda tsamba ndi limodzi lomwe.

"Agogo, taonani," ndinatero mwachimwemwe. "Masamba ali pamwamba pa mchenga. Madzi ofiira anabwera pambuyo. Munanena zoona. Zaka zonsezi munkanena zoona."

Agogo sanayang'ane pamene ndinkaloza. Maso awo anali pa gawo lapansi lija.

"Nanga awa otuwawa, bwanji achuluka chonchi?"

Ndikanatha kuyankha mwachidule. Koma ndinali ndi galasi lokuzira m'manja, ndiponso ndinali ndi zonse zimene ndinaphunzira, ndipo ndinafuna kuti aone kukongola kwake. Ndinawaonetsa kuti gawolo linali ndi timizere titatu, kalikonse koyamba ndi mchenga wosalala n'kuthera ndi dongo. Amenewo anali masana atatu a mphepo yotentha ija, pamene ayezi anasungunuka mopitirira muyeso. Ndinawauza kuti madzi otero amakhala ozizira kwambiri ndiponso olemera ndi matope, kotero kuti akafika m'nyanja sasakanikirana ndi a pamwamba amene dzuwa lawatenthetsa. Amamira pomwepo pamathiriro n'kumayenda pansi ngati mtsinje wina wobisika. Pomira amaunjika mchenga m'mphepete mwa mathiriro mofulumira, mulu n'kukhala wotsetsereka kuposa mmene ungaimire, mpaka kugumuka. Zonsezi zimachitika pamwamba pali phee, mtundu wa madzi osasintha.

"Mwaona?" ndinatero. "Nkhope ya nyanja sikanakuuzani kanthu. Lamulo lija limagwira pa mvula, chifukwa madzi a mvula ndi ofunda, amayandama, amaoneka. Pa mphepo yotentha siligwira. Palibe akanadziwa."

"Mtsinje wapansiwo," anafunsa agogo, "umathera kuti?"

"Umatsata pozama mpaka utagunda khoma."

"Pamene pali paipi yopita ku thanki."

"Eya, chapomwepo."

Agogo anakhala pa chitsa chowazira nkhuni. Anapukuta zala zawo zamatope pa buluku, chala chimodzichimodzi.

"Thanki lija ndinkalichotsa matope kamodzi pa sabata," anatero. "Masiku atatu amenewo linkadzaza kawiri pa tsiku. M'mawa, madzulo. Msana unachita kuuma. M'mawa umene Tullio anabwera anandipeza ndili m'thanki, matope mpaka m'mawondo. Ndinatuluka, ndinatsamiritsa fosholo, ndinakwera pakhoma kukayang'ana madzi. Ndinayang'ana madzi, Nives, matope ali m'miyendo mwangamu."

Anatembenukira ku mabotolo aja n'kupitiriza.

"Dorina anandifunsa za mtundu wa madzi, ndinamuyankha za mtundu wa madzi. Za thanki sanafunse. Ndinkadziuza kuti mwina paipi inagumukira penapake, mwina sizikukhudzana. Mabotolowa ndinayamba kumiza kuti ndione ngati matope angayende pansi pamwamba pali poyera. Chaka ndi chaka ndinkaona kuti botolo la pafupi ndi khoma limadzaza kuposa mmene ndinkayembekezera, koma ndinkati ine sindinaphunzire, mwina sindikuwerenga bwino. Lero wophunzira wawerenga."

Pamenepo ndinayamba kukangana, pakuti ndicho chokha chimene ndimatha. Ndinati kuona chinthu ndi kudziwa tanthauzo lake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndinati akatswiri a kampani, okhala ndi mabuku, sanawachenjezepo za mtsinje wapansi. Ndinati munthu saweruzidwa ndi nzeru zimene zabwera zaka makumi atatu pambuyo pake, ndipo kuti lamulo limene anatsata linali la mudzi wonse, kotero ngati pali wolakwa ndi mudzi wonse pamodzi ndi makolo ake. Zimenezi ndimazikhulupirirabe mpaka lero, ndipo ndikhoza kuziteteza pamaso pa aliyense.

"Tangokhala chete pang'ono, adokotala," anatero a Bortolo, mosakalipa. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mnzawoyo. "Egidio, ine ndinatsika ndi bulu sabata imeneyo kudzatenga mchere. Ndinakupeza m'thanki Lachiwiri madzulo. Unandiuza wekha kuti matope akupenga, sukudziwa kumene akuchokera. Waiwala?"

Agogo anawayang'ana. "Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti unali m'thanki. Zinazo ndinkangoganiza, ngati iwe."

"Ndiye osanena, zaka zonsezi?"

"Ndinene kwa ndani? Kwa Dorina? Kwa iwe? Ndinaona kuti bola ndizikunena za mimba yako." A Bortolo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipo tsiku lija ukanandifunsa ine kuti nyanja ikuti chiyani, ndikanati pita. Aliyense akanati pita."

"Aliyense sanali m'thanki."

Madzulo asanafike ndinakulunga paipi ija m'pulasitiki, agogo akundithandiza kumanga.

Miyezi imene inatsala sanasinthe kwambiri poonekera. Mu Okutobala anavuula mabotolo monga mwa nthawi zonse, a Bortolo akupalasa bwato n'kumadandaula za mapewa, koma sanamizenso ena. Anayamba kupita kumanda Loweruka lililonse, kumene kale ankapitako pa tsiku la oyera mtima onse lokha. A Bortolo anandiuza kuti agogo ankakhala nthawi yaitali pa manda a Dorina kuposa pa a Tullio, ndipo ankalankhula. Ine ndinkawayendera kawirikawiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkabwera ndi mfundo yatsopano yowachotsera mlandu. Ankandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundithirira khofi.

Mu Januwale, atayamba kufooka, anandiitana kuti ndiwalembere kalata yopita kwa amene akuyang'anira damu masiku ano ndiponso ku khonsolo ya mudzi. Masiku ano palibe amene amatapa mchenga kumathiriro, koma m'nyengo yotentha alendo amayalako nsalu n'kumadya, ana awo akusewera m'mphepete mwenimweni. Agogo anafuna kuti thanki likadzaza kawiri pa tsiku limodzi, njira ya kumathiriro izitsekedwa, ngakhale nyanja itaoneka yabata chotani.

"Ulembe m'chilankhulo chanu cha kusukulu chija, kuti amve," anatero ali pampando pafupi ndi mbaula. "Uikemo za mtsinje wapansi. Kenako ulembe kuti ine, Egidio Zampatti, ndinaona thanki likudzaza masiku atatu, ndipo ndinauza mwana wanga kuti apite."

"Chiganizo chimenecho n'chosafunika, agogo. Umboni wa matope ndi wokwanira."

"Matope sawerengedwa ndi akhonsolo. Dzina amawerenga."

"Koma chikupereka chithunzi cholakwika. Chikumveka ngati munadziwa, pamene simunadziwe. Palibe khoti padziko lapansi limene lingakupezeni wolakwa. Mukudziweruza ndi muyeso umene simungaweruze nawo munthu wina aliyense. Akanakhala a Bortolo, mukanati alibe mlandu."

"Ndikanatero."

"Ndiye bwanji inu?"

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati kuti wofunika kutonthozedwa ndinali ine.

"Iwe ukunena za mlandu, mwanawe. Ine ndikunena za mwana wanga. Lemba."

Ndinalemba monga ananenera, ndipo anasaina pansi pake ndi dzina lawo lonse.